Zikondwerero za ku Japan kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale: mupite ku chiti?

Kuno kwathu Okutobala ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo. Ku Japan ndi nthawi imene mpunga wakololedwa, thukuta la chilimwe lauma, ndipo midzi ndi mizinda yayamba kutulutsa ngolo zake zikuluzikulu kukathokoza milungu ya m'makachisi a Chishinto. Kuyambira pamenepo mpaka Febuluwale, sabata siidutsa popanda matsuri kwinakwake, ndilo dzina lawo la chikondwerero. Munthu amene wapeza ulendo umodzi, kaya wa sukulu, wa ntchito kapena wokaona m'bale, sangazione zonse. Ambiri amasankha potengeka ndi zithunzi za pa intaneti, koma chithunzi sichionetsa mvula, sichinena kuti malo ogona anatha kalekale, ndiponso sichichenjeza kuti sitima yomaliza ikhoza kunyamuka inu mukadali pamzere. Mvula, pogona ndi sitima yobwererera: muyezo wake ukhale umenewu, kukongola kubwere pambuyo.

Kumayambiriro kwa Okutobala: Takayama kapena Nagasaki

Ziwirizi zimagundana masiku ndipo zili kutali kwambiri, choncho muyenera kutaya chimodzi.

Takayama ndi tauni ya m'mapiri m'chigawo cha Gifu, ulendo wa maola pafupifupi awiri ndi theka pa sitima ya Hida kuchokera ku Nagoya. Chikondwerero chake chimachitika pa 9 ndi 10 Okutobala chaka chilichonse, pa kachisi wa Sakurayama Hachimangu. Kumatuluka ngolo 11 zotchedwa yatai, zosemedwa mwaluso, zopakidwa golide ndi utoto wonyezimira, zokutidwa ndi nsalu zodula. Pa ngolo ina yotchedwa Hoteitai pali zidole zimene anthu obisala amaziyendetsa ndi zingwe: tizidole tiwiri timadumpha kuchoka pa kamtengo kupita pa kanzake mpaka kukatera pa mapewa a chidole chachikulu. Madzulo a pa 9, ngolo iliyonse amaikolekera nyali zamapepala pafupifupi 100 n'kuiyendetsa mu mdima.

Vuto la Takayama ndi kumwamba. Ngolozi ndi zakale ndipo madzi amawononga utoto ndi nsalu, ndiye kukangowaza mvula eni ake sazitulutsa. Zimakhala m'nyumba zake zazitali zoyera, zitseko zili pululu kuti odutsa asuzumire, basi. Salisunthiranso tsiku lina. Komatu kumayambiriro kwa Okutobala nyengo ya anamondwe imakhala isanatheretu. Chotonthoza n'chakuti pafupi ndi kachisiyo pali nyumba yotchedwa Yatai Kaikan mmene mumakhala ngolo zinayi zenizeni chaka chonse, koma kuona ngolo itaima kuseri kwa galasi si chimene munalipirira ndege. Tauniyi ndi yaing'ono, mabedi amatha miyezi ingapo tsiku lisanafike.

Nagasaki Kunchi imachitika kuyambira pa 7 mpaka pa 9 Okutobala, ndipo inayamba mu 1634. Ilibe inzake chifukwa cha mbiri ya mzindawo: pa zaka zoposa 200 zimene Japan inadzitsekera, doko la Nagasaki ndi limene linkalandira amalonda a ku China ndi a ku Netherlands. N'chifukwa chake mumaona gule wa chinjoka chachitali chothamangitsa mpira wagolide, ndi ngolo zooneka ngati zombo. Anthu akasangalala amakuwa kuti "Motte koi!", kuitana ovina kuti abwerenso, ndipo amabweradi, nthawi zina kangapo. Msampha wake uli apa: dera lililonse la mzindawo limavina kamodzi pa zaka 7. Gule amene munamuona pa vidiyo mwina ndi wa dera limene chaka chino likupuma. Yang'anani mndandanda wa madera a chaka chimenecho musanagule tikiti. Mipando yolipira ya pa kachisi wa Suwa imavuta kupeza, koma magulu akamaliza pabwalo amayendayenda m'misewu kuvinira pakhomo pa masitolo ndi nyumba, ndipo kumeneko mumaonera ulere, pafupi kwambiri kuposa amene ali pampando.

Wokonda kuyang'anitsitsa luso la manja apite ku Takayama atavomera kuti mvula ikhoza kumulanda zonse. Wofuna phokoso ndi mzinda waukulu wa mahotela ochulukirapo, Nagasaki ndi yodalirika. Amene ali ku Tokyo ndipo alibe ndalama za ulendo wautali asadandaule: Kawagoe, mphindi pafupifupi 30 pa sitima kuchokera ku siteshoni ya Ikebukuro mu Tokyo, imatulutsa ngolo zake Loweruka ndi Lamlungu lachitatu la mweziwu, ndipo mukhoza kupita n'kukagona kwanu.

Kyoto, pa 22 Okutobala

Tsiku limeneli Kyoto imakhala ndi zikondwerero ziwiri, china masana china usiku, zosiyana ngati madzi ndi moto.

Cha masana ndi Jidai Matsuri. Chinayamba mu 1895 pokumbukira kuti mfumu Kanmu inasamutsira likulu ku Kyoto mu 794. Anthu pafupifupi 2,000 amavala zovala za nyengo zosiyanasiyana za mbiri ya dzikolo n'kuguba kuchokera ku nyumba yakale yachifumu nthawi ya 12 koloko masana mpaka ku kachisi wa Heian. Mdipiti wake umayenda chobwerera m'mbuyo: oyamba ndi a m'ma 1868, omaliza ndi a zaka za m'ma 700. Zovala, zida ndi zishalo za akavalo anazipanga motsatira zakale zenizeni. Koma tinene mosabisa, chikondwererochi n'chofatsa. Palibe kuvina, palibe kukuwa, anthu amangodutsa pang'onopang'ono kwa maola pafupifupi awiri. Ngati simudziwa mbiri ya anthu ngati Oda Nobunaga, mtsogoleri wankhondo wa zaka za m'ma 1500, mudzangoona amuna ovala bwino ali pa akavalo. Gulani kabuku kofotokoza magulu kamene amagulitsa m'mbali mwa msewu. Kukagwa mvula amasunthira mawa lake, ndiye musakonze zochoka mu mzindawo pa 23 m'mamawa.

Cha usiku ndi Kurama no Hi Matsuri, chikondwerero cha moto m'mudzi wa Kurama, m'phiri kumpoto kwa mzinda. Ikakwana 6 koloko madzulo amayatsa moto pakhomo pa nyumba iliyonse. Amayamba ana ndi timiyuni tating'ono, kenako achinyamata, pomaliza amuna osenza miyuni yotalika mamita atatu, yolemera ngati thumba ndi theka la chimanga, moto uli lawilawi paphewa, akufuula kuti "Saireya, sairyo!" Cha m'ma 8 koloko onse amasonkhana pa masitepe amiyala a pachipata cha kachisi, utsi uli tolo. Ichi mvula siichiletsa.

Chimene chimagwetsa anthu ulesi ndi njira. Mudziwu uli ndi msewu umodzi wopapatiza, umene amautseka kwa magalimoto, ndi njanji imodzi ya tisitima tating'ono ta Eizan tochokera pa siteshoni ya Demachiyanagi. Ulendo wake ndi wa theka la ola, koma tsiku limenelo mzere wokwerera umatha kudya nthawi yoposa pamenepo, ndipo pobwerera usiku ndiye zimanyanya. M'mudzimo apolisi amayendetsa khamu njira imodzi, salola kuima paliponse, moti mukhoza kupezeka kuseri kwa nyumba pa nthawi imene zenizeni zikuchitika. Valani malaya a thonje, akale. Jekete ya nayiloni imabowoka ikangogwera nthethe, ndipo fungo la utsi silichoka msanga. Kuphiriko kumazizira kuposa mu mzinda. Ana aang'ono ndi okalamba ovutika kuima nthawi yaitali asapite.

Kodi n'zotheka kuona zonse ziwiri? Inde, koma pokhapokha mutaonera Jidai Matsuri poyambira pake, m'bwalo la nyumba yachifumu, osati kumathero. Kuchokera pamenepo kupita ku Demachiyanagi ndi ulendo wapansi, kungowoloka mtsinje wa Kamo. Nyamukani mdipiti usanathe, mukhale mu sitima isanakwane 3 koloko, mutanyamula chakudya ndi madzi. Ndipo ku Kurama musadikire mathero, chifukwa mwambo umapitirira mpaka pakati pa usiku.

Novembala, mwezi wosafuna tikiti

Munthu wosakonda kukankhana, mwezi wake ndi uno. Mvula ndi yochepa, kuzizira sikunafike poopsa, ndipo chachikulu ndi masamba. Mitengo ya momiji imafiira kuti psuu, ya ginkgo imasanduka yachikasu. Kufiiraku kumayambira kumpoto, m'mapiri a Hokkaido mu Seputembala, n'kumatsikira kum'mwera. Ku Tokyo ndi ku Kyoto kumafika pachimake kumapeto kwa Novembala mpaka masiku oyamba a Disembala. Masamba alibe tsiku lokhazikika: chaka chofunda amachedwa, ndiye wofika pa 10 Novembala ku Kyoto nthawi zambiri amapeza mitengo ikadali yobiriwira. Makachisi otchuka monga Tofukuji ndi Eikando amadzaza. Fikani pa nthawi yotsegula, pakati pa sabata.

Cha pa 15, makamaka Loweruka ndi Lamlungu loyandikira, makolo amatengera ana a zaka 3, 5 ndi 7 ku kachisi atawaveka kimono, mwambo wa Shichi-Go-San. Ndi nkhani ya banja, yopanda mdipiti. Onererani, koma musajambule mwana wa munthu musanapemphe.

Wamalonda asaphonye Tori no Ichi pa kachisi wa Otori ku Asakusa, mu Tokyo. Umenewu ndi msika wa pa masiku a tambala m'kalendala yawo yakale, masiku obwera pakatha masiku 12 alionse, choncho Novembala wina amakhala nawo awiri, wina atatu. Umatsegulidwa pakati pa usiku mpaka pakati pa usiku winawo. Amagulitsa kumade, chokokolera masamba cha nsungwi chokongoletsedwa ndi tinsomba, timatumba ta mpunga ndi tindalama, amati n'chokokolera mwayi m'sitolo. Mwambo wake ndi wakuti chaka chilichonse ugule chokulirapo, ndiye ochenjera amayamba ndi kakang'ono. Wogula amanenerera mtengo, akamutsitsira amabweza yotsalayo kwa wogulitsa ngati mphatso, kenako onse a pa benchipo amawomba m'manja mogwirizana kumufunira mafuno abwino. Nyamulani ndalama zamapepala. Ogulitsa ambiri a m'zikondwerero salandira khadi.

Chichibu, pa 2 ndi 3 Disembala

Tikanati tisankhire mlendo woyamba chikondwerero chimodzi, tikanaloza ichi. Chichibu ili m'chigawo cha Saitama, mphindi pafupifupi 80 kuchokera ku Ikebukuro pa sitima yothamanga ya Seibu, kutanthauza kuti mukhoza kugona ku Tokyo, kumene mabedi satha. Kumayambiriro kwa Disembala dera limeneli nthawi zambiri kumakhala kouma. Tsiku lenileni ndi la pa 3. La pa 2 ndi lokonzekera, la anthu ochepa.

Ngolo ndi zisanu ndi imodzi, zolemera matani 10 mpaka 20, zokokedwa ndi zingwe ndi anthu ambirimbiri. Oimba ng'oma sawoneka, amakhala m'kachipinda mkati mwa ngolo, ndiye chimveka ngati ngoloyo ikugunda yokha. Pokhota, chifukwa mateyala ake sapindika, amaitukula ndi mitengo ikuluikulu, n'kuikhazika pa mzati wapakati n'kuizunguza, kang'oma kakang'ono kakulira mofulumira. Usiku, nyali zitayaka, amazikokera pa chitunda chotchedwa Dango-zaka, makombola akuphulika kumwamba kwa maola oposa awiri, chinthu chachilendo ku Japan kumene makombola ndi a m'chilimwe. Njira ya ngolozi imadutsa pa njanji ya Chichibu Railway, ndipo chifukwa ndi zazitali, a njanji amaimitsa sitima kwa maola angapo n'kuchotsa mawaya amagetsi a pamwamba kuti zidutse.

Pa chitundapo pamafunika tikiti ya mpando kapena kufika masana kwambiri, apo ayi apolisi amatseka. Osadandaula nazo: m'misewu ya pafupi ndi kachisi wa Chichibu ngolo zimadutsa pafupi moti mumamva matabwa akulira. Zolakwika ziwiri zimene anthu amachita ndi izi. Choyamba, kuvala ngati ali ku Tokyo, pomwe Chichibu ndi chigwa chozunguliridwa ndi mapiri ndipo usiku kuzizira kumayandikira 0. Chachiwiri, kusagula tikiti yobwererera. Sitima yothamanga ija ndi ya mipando yosungitsa yokhayokha, ndipo ya usiku wa pa 3 imatha msanga. Wopanda tikiti amabwerera pa sitima wamba, choimirira, atathinikizidwa. Kapu ya amazake wotentha, chakumwa chotsekemera cha mpunga chofananako ndi thobwa, imathandiza podikira.

Chaka Chatsopano: chabwino kwa wokhala ndi banja, chowawa kwa wa ku hotela

Ambiri amaganiza kuti imeneyi ndiyo nthawi yabwino koposa. Kwa Mjapani ndi choncho, koma chifukwa chake n'chakuti amapita kwawo. Kuyambira cha pa 29 Disembala mpaka pa 3 Januwale maofesi amatseka, nyumba zambiri zosungira zakale zimatseka, malo odyera aang'ono amatseka. Sitima zimadzaza ndi opita kumudzi, ndipo masiku amenewa sitima za Nozomi zapakati pa Tokyo ndi Osaka sizikhala ndi mipando ya wongofika, yonse ndi yosungitsa.

Zokoma zake zili m'nyumba: soba (chakudya chonga supageti) wa usiku wa pa 31, mabokosi a osechi amene chakudya chilichonse chili ndi tanthauzo, msuzi wa ozoni wokhala ndi mochi. Mochi ndi mpunga wosinja womata kwambiri, ndipo chaka chilichonse anthu, makamaka okalamba, amatsamwidwa nawo mpaka ena kufa. Dulani tizidutswa, tafunani mofatsa. Ngati mnzanu wa kusukulu kapena wa kuntchito wakuitanani kwawo, musakane, palibe chikondwerero cha mumsewu chingafanane ndi zimenezo.

Wopanda womuitana amatsala ndi ziwiri. Pakati pa usiku makachisi a Chibuda amaliza belu ka 108, kuchotsa zilakolako 108 zimene amati zimasautsa munthu. Ku Chion-in ku Kyoto, belu lolemera matani pafupifupi 70 limalizidwa ndi amonke 17, mmodzi akudzigwetsa chagada ndi chingwe chachikulu. Kenako pali hatsumode, ulendo woyamba wa chaka ku kachisi. Meiji Jingu ku Tokyo imalandira anthu pafupifupi 3 miliyoni m'masiku atatu oyamba, ndipo mzere wake ndi wa maola. Kachisi wamng'ono wa m'dera limene mwagona amakuonetsani mwambo womwewo popanda chipwirikiti. Mkhristu kapena Msilamu amene safuna kuwerama kapena kuponya ndalama angoima pambali n'kuonerera, palibe amene angamufunse.

Sinowo: Sapporo kapena midzi ya kumpoto

Sapporo Yuki Matsuri, chikondwerero cha sinowo cha mu mzinda wa Sapporo ku Hokkaido, imatenga pafupifupi sabata kumayambiriro kwa Febuluwale. Si mwambo wa makolo: inayamba mu 1950 pamene ana asukulu anaumba ziboliboli za sinowo zisanu ndi chimodzi m'paki ya Odori, ndipo asilikali anayamba kuthandiza mu 1955. Lero ziboliboli zina n'zazitali ngati nyumba zosanja, zandandalika pa mtunda wa kilomita ndi theka, za ayezi zili ku dera la Susukino, ndipo alendo amafika pafupifupi 2 miliyoni. Kulowa ndi ulere. Chodula ndi bedi ndi ndege, makamaka chaka chimene masikuwa agundana ndi Chaka Chatsopano cha ku China.

Munthu wakuti kuzizira kwakukulu kumene akudziwa ndi kwa ku Dedza mu Juni asadzinamize. Ku Sapporo masana ambiri sikukwera kupitirira 0. Muvale zovala zitatu zosanjikiza, chipewa chophimba makutu ndi magolovesi. Gulani kairo, timapaketi totentha tokha tikatsegulidwa, m'sitolo iliyonse yaing'ono, ndipo musatimate pakhungu penipeni chifukwa timawotcha. Koma chovulaza ambiri si mphepo, ndi kuterera. Sinowo wopondedwa amasanduka galasi, makamaka powolokera msewu. Pali timphira ta minga tomangirira kunsi kwa nsapato, timagulitsidwa m'masiteshoni; yendani timasitepe tifupitifupi, manja ali kunja kwa matumba. Batire la foni limatha msanga pozizira, isungeni m'thumba lamkati. Mukazizidwa tsikirani m'njira yapansi panthaka yochokera pa siteshoni ya Sapporo kukafika ku Odori. Ndipo popeza sinowo amaimitsa ndege pa bwalo la New Chitose, siyani tsiku limodzi lopanda kanthu ku Tokyo musanakwere ndege yobwerera kwanu. Masiku oyamba ziboliboli zimakhala zoyera mbee. Chikondwerero chikangotha amazigumula.

Wofuna mwambo weniweni apite ku Akita. Ku Yokote, pakati pa Febuluwale, amamanga tinyumba ta sinowo totchedwa kamakura, mkati muli kaguwa ka mulungu wa madzi, ana atakhala pafupi ndi mbaula akuitana odutsa kuti alowe adzamwe amazake ndi kudya mochi wowotcha. Mumavula nsapato pakhomo. Ku Oga kuli namahage, amuna ovala zigoba zoopsa ndi zovala zaudzu, amene usiku wa pa 31 Disembala amalowa m'nyumba akubangula kufunsa ngati muli ana olira kapena aulesi, mwini nyumba n'kuwapepesa ndi chakudya ndi mowa. Wa kwathu sangalephere kukumbukira Gule Wamkulu, ndipo zonse ziwiri zili pa mndandanda wa UNESCO, ngakhale kuti namahage alibe dambwe kapena chinsinsi cha olowa. Za pa 31 ndi za m'nyumba za eni mudzi. Mlendo amaonera pa chikondwerero cha Sedo pa kachisi wa Shinzan, kumapeto kwa sabata yachiwiri ya Febuluwale, pamene amatsika m'phiri ndi miyuni. Vuto la Akita ndi mayendedwe: sitima ndi mabasi n'zochepa, Chingelezi sichimveka kwenikweni, mabedi ndi owerengeka.

Nozawa Onsen ku Nagano ili ndi moto wa pa 15 Januwale, pamene amuna a zaka 42 amakhala pamwamba pa nsanja yamatabwa, a zaka 25 akuiteteza pansi kwa anthu a m'mudzi ofuna kuiyatsa ndi miyuni. N'zochititsa nthumanzi, koma ndi mudzi wa otsetsereka pa sinowo, wodula, ndipo wopanda bedi m'mudzimo asayerekeze n'komwe.

Amene ndalama zamuthera ali ndi Setsubun, pa 3 Febuluwale zaka zambiri, ngakhale mu 2021 ndi 2025 inagwa pa 2. Imachitika paliponse: anthu amamwaza soya wokazinga akufuula kuti "Oni wa soto, fuku wa uchi", ziwanda kunja, mwayi m'nyumba, kenako aliyense amadya njere zofanana ndi zaka zake.

Pa zonsezi, dongosolo logulira ndi limodzi ndipo ambiri amalitembenuza. Yambani ndi bedi, musankhe lololeza kubweza ndalama mukasintha maganizo, kenako ndege. Wa pasipoti ya Malawi amafunika viza, ndipo ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe amafuna ndondomeko ya ulendo yosonyeza tsiku lililonse ndi kumene mudzagone. Matikiti a sitima a mipando yosungitsa amayamba kugulitsidwa mwezi umodzi tsiku laulendo lisanafike, ndipo Japan ili patsogolo pa Malawi ndi maola 7, choncho a kampani ya sitima ya JR akamatsegula malonda 10 koloko m'mawa kwawoko, kuno imakhala 3 koloko mbandakucha.